Edward Weston

Edward Weston (9 Meyi 1850 – 20 Ogasiti 1936) anali katswiri wa zamagetsi ndi za kemisitiri yemwe anabadwira ku England koma ntchito yake yonse anakaigwirira ku United States. Amadziwika kwambiri chifukwa cha zipangizo zoyezera magetsi. Iye anapanga mita ya muvi yonyamulika yomwe amisiri ankatha kuidalira kunja kwa labotale, anapeza zitsulo ziwiri zosakaniza zotchedwa constantan ndi manganin, komanso anapanga kabatire ka m'galasi komwe mayiko ankakagwiritsa ntchito ngati muyezo wa volt kuyambira mu 1911 mpaka 1990. Weston anamwalira mamita olemba manambala asanabwere, koma njira yowayesera kuti tidziwe ngati akunena zoona inamangidwa pa ntchito yake.

Ubwana wake ndi ulendo wa ku America

Weston anabadwira ku Oswestry, m'chigawo cha Shropshire, kufupi ndi malire a England ndi Wales. Anayamba kuphunzira za udokotala, koma mtima wake unali pa kemisitiri ndi magetsi. Mu 1870, ali ndi zaka 20, anakwera sitima yapamadzi kupita ku New York.

Kumeneko anapeza ntchito m'makampani okuta zitsulo ndi nickel. Ntchitoyi imachitika motere: chinthu chachitsulo, monga supuni kapena chogwirira chitseko, amachiviika m'madzi osungunuliramo mchere wa nickel, kenako amadutsitsamo magetsi, ndipo nickel imamatirira pang'onopang'ono pamwamba pa chitsulocho mpaka chiwale ndi kuleka kuchita dzimbiri msanga. Nthawi imeneyo magetsi ake ankachokera m'mabatire, ndipo mabatire amafooka akamagwira ntchito. Mphamvu ikatsika, nickel inkamatirira mosiyana, katundu wina n'kutuluka wabwino wina woipa. Apa m'pamene Weston anakumana koyamba ndi vuto lomwe analimbana nalo moyo wake wonse, loti magetsi saoneka ndi maso ndipo amasinthasintha popanda woona.

Iye anaganiza zosiya mabatire n'kugwiritsa ntchito dayinamo, makina opanga magetsi pozungulira, ofanana ndi kadayinamo koyatsa getsi la njinga koma aakulu. Mu 1875 anasamukira mumzinda wa Newark, m'boma la New Jersey, kumene anayamba kupanga madayinamo a ntchito yokuta zitsulo ndi kuwagulitsa.

Magetsi owunikira

Kuchokera pa madayinamo, Weston analowa m'malonda a magetsi owunikira, omwe pa nthawiyo anali ndi mpikisano woopsa chifukwa munalinso Thomas Edison, Charles Brush ndi Hiram Maxim. Kampani yake, Weston Electric Light Company, inaphatikizidwa ndi United States Electric Lighting Company, ndipo magetsi a mtundu wa Weston ndi amene anawunikira mlatho wa Brooklyn Bridge ku New York, womwe unatsegulidwa mu 1883. Anapanganso kaulusi koyaka m'kati mwa babu komwe anakatcha tamidine, kolimba kuposa tiulusi tambiri ta masiku amenewo. Mbali imeneyi ya moyo wake inamubweretsera ndalama ndi dzina, koma si imene amakumbukiridwa nayo.

Mita yonyamulika

Munthu wopanga madayinamo amafuna kudziwa mphamvu yomwe makina ake akutulutsa, ndipo m'zaka za m'ma 1880 kudziwa zimenezi inali ntchito yotopetsa. Zipangizo zambiri zoyezera zinali za mu labotale basi. Zina zinkagwira ntchito podalira mphamvu ya maginito ya dziko lapansi, ngati mmene kampasi imachitira, choncho zinkafunika kuikidwa poyang'ana mbali yoyenera, patebulo losagwedera, kutali ndi chitsulo chilichonse. Kuziika pafupi ndi dayinamo yomwe ikuzungulira kunali kudzinamiza.

Mu 1882, Jacques-Arsène d'Arsonval ndi Marcel Deprez a ku France anapanga chipangizo chabwinopo. Anapachika kakoyilo ka waya pakati pa maginito, ndipo magetsi akadutsa m'kakoyiloko kankatembenuka molingana ndi kuchuluka kwa magetsiwo. Nzeruyi inali yabwino, koma kakoyiloko kankalendewera pa waya woonda kwambiri moti chipangizocho sichinali choyenda nacho.

Weston anatenga nzeru imeneyi n'kuisandutsa chida cha mmisiri. M'malo mopachika koyilo, anaiika pa timisomali tiwiri tosongoka toyenda pa timiyala tolimba, monga zilili m'wotchi yapamkono. Anaikapo timasipuling'i tozungulira tomwe timabweza muvi pa ziro magetsi akachoka, ndipo timasipuling'i tomweto ndi timene timalowetsa magetsi m'koyilo. Koyiloyo anaikulunga pa kafelemu kopepuka kachitsulo komwe kamaletsa muvi kuvinavina, kuti uime msanga pa nambala yake. Chovuta kwambiri chinali maginito. Anthu ambiri odziwa za sayansi ankakhulupirira kuti maginito amafooka ndi nthawi, kotero mita yodalira maginito singakhale yolondola kwa zaka. Weston anapeza njira yokonzera chitsulo cha maginito ndi kuchikhwimitsa chisanaikidwe m'mita kuti mphamvu yake isamasinthe. Mu 1888 anakhazikitsa Weston Electrical Instrument Company ku Newark, ndipo mamita ake anafalikira m'malo opangira magetsi, m'mafakitale ndi m'masukulu. Mita ya muvi yomwe ophunzira amaiona mu labotale ya kusekondale poyeza volt kapena ampere imatsatirabe kapangidwe komweka.

Waya wosasintha ndi kutentha

M'kati mwa mita iliyonse muli ma resistor, tizipangizo tomwe timachepetsa kuyenda kwa magetsi pa mlingo wodziwika. Mlingowo umayezedwa mu ohm. Mita ikamayeza mavolt ambiri imawagawa kaye ndi ma resistor, ndipo ikamayeza ma ampere ambiri imawapatutsira pa kachitsulo kotchedwa shunt, komwe Weston analembetsa patenti yake mu 1893. Ngati ma resistor amenewa asintha, ndiye kuti mita yonse yasokonekera.

Vuto ndi loti zitsulo zambiri zimasintha zikatentha. Waya wa kopa akatentha ndi digiri imodzi yokha, ma ohm ake amakwera ndi pafupifupi 0.4 peresenti. Ikuoneka ngati nambala yaing'ono, koma kusiyana kwa madigiri 10, komwe ndi kosadabwitsa pakati pa m'mawa wa mu Juni ndi masana ake, kumabweretsa kusintha kwa pafupifupi 4 peresenti. Mita yotere ikhoza kupereka mayankho awiri pa batire limodzi tsiku lomwelo.

Weston anayesa kusakaniza zitsulo zosiyanasiyana mpaka anapeza zosakaniza zomwe sizisamala kwenikweni za kutentha, ndipo mu 1888 analembetsa mapatenti ake. Constantan ndi kopa wosakaniza ndi nickel, pafupifupi magawo 55 a kopa ndi 45 a nickel. Manganin ndi kopa wambiri, pafupifupi magawo 84, wosakaniza ndi magawo 12 a manganese ndi nickel pang'ono. Akatswiri a ku Germany, makamaka a labotale ya boma ya Physikalisch-Technische Reichsanstalt ku Berlin, anafufuza manganin mozama ndi kuikonzanso, ndipo inakhala chitsulo chopangira ma resistor a muyezo m'mayiko ambiri. Pa ziwirizi manganin ndi imene inapambana pa ntchito yoyeza, chifukwa ikalumikizidwa ndi waya wa kopa sipanga timagetsi take tosokoneza pamfundo. Constantan imapanga timagetsi totere tambiri, ndipo chilema chimenechi chinaipezera ntchito ina, yopangira zipangizo zoyezera kutentha.

Batire la Weston

Mita ili ngati sikelo. Aliyense amene anagulitsapo mpunga kapena nandolo pamsika wa Nsanama amadziwa kuti nambala yomwe sikelo yaonetsa siyokwanira payokha, chifukwa funso limakhala loti sikeloyo inayesedwa ndi mwala uti. Sikelo imayesedwa ndi mwala wa kilogalamu wodziwika bwino. Mita ya magetsi imafunanso mwala wake, kutanthauza gwero la volt lomwe mphamvu yake ikudziwika ndipo sisintha. Kufananiza mita ndi gwero lotere, kulemba kusiyana kwake, ndi kuiwongola ngati yapatuka, ndi ntchito yomwe pa Chingelezi amati calibration.

Weston asanabwere, mwala wa volt unali batire la Clark, lomwe Latimer Clark wa ku England anapanga mu 1873. Linkapereka mavolt 1.434 pa madigiri 15, koma linali ndi vuto lomwe lija la kutentha, pakuti mphamvu yake inkatsika ndi millivolt imodzi ndi pang'ono pa digiri iliyonse. Millivolt ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a volt.

Batire la Clark linkagwiritsa ntchito zinc. Weston anachotsa zinc n'kuikapo cadmium, ndipo mu 1893 analandira patenti ya batire latsopanoli. Mtundu wake wodziwika kwambiri umapangidwa m'galasi looneka ngati chilembo cha H. Pansi pa mwendo umodzi pamakhala mercury, pamwamba pake phala la mercurous sulphate. Pansi pa mwendo winawo pamakhala cadmium wosakaniza ndi mercury. Miyendo iwiriyi imalumikizana kudzera m'madzi osungunuliramo cadmium sulphate, ndipo timawaya ta platinum timatulukira pansi pa galasilo. Batire lotere limapereka mavolt pafupifupi 1.0186 pa madigiri 20, ndipo limasintha ndi millivolt 0.04 yokha pa digiri. Kunena kwina, pamene kusintha kwa madigiri 10 kunkasuntha batire la Clark ndi ma millivolt oposa 11, la Weston kumalisuntha ndi osakwana theka la millivolt imodzi.

Pali mitundu iwiri. Wina umakhala ndi timiyala ta cadmium sulphate totsalira m'madzimo, ndipo ndi umene umasunga mphamvu yake kwa zaka zambiri, choncho unkasungidwa m'malabotale a boma. Winawo ulibe timiyalato, sumva kutentha kwenikweni ndipo ndi wosavuta kuyenda nawo, koma mphamvu yake imatsika pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Umenewu ndi umene unkapezeka m'mafakitale.

Ubwino waukulu wa batireli unali woti labotale iliyonse yosamala bwino inkatha kudzipangira lake potsatira malangizo, n'kupeza nambala yofanana kwambiri ndi ya anzawo a kutsidya la nyanja. Msonkhano wa mayiko wokambirana miyezo ya magetsi womwe unachitikira ku London mu 1908 unalivomereza, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 1911 linakhala muyezo wa volt, pa mlingo wa 1.0183 malinga ndi volt ya nthawi imeneyo. Weston anasiya ufulu wake wa patenti pa batireli kuti aliyense athe kulipanga. Kwa munthu wamalonda yemwe ankateteza kwambiri mapatenti ake, chimenechi sichinali chinthu chaching'ono, ngakhale n'zoonanso kuti muyezo wa mayiko onse sukanatheka kukhala katundu wa kampani imodzi.

Batire la Weston silinali loyatsira tochi kapena wailesi. Kukokamo magetsi, ngakhale ochepa kwambiri, kunkalisokoneza, ndipo kugunditsa mawaya ake awiri kunkatha kuliwononga. Polifananiza ndi gwero lina ankagwiritsa ntchito chipangizo chotchedwa potentiometer, chomwe chimakankhanitsa mphamvu ziwirizo mpaka zitalingana, muvi n'kuima pa ziro. Pa nthawi imeneyo batirelo silikhala likutulutsa magetsi konse. Mabatire a muyezo ankawasunga m'magulu, m'mabokosi kapena m'mafuta omwe kutentha kwake sikusintha, ndipo ankawafananiza okhaokha kuti limodzi likayamba kupatuka lidziwike. Sankaloledwa kupendekeka kapena kugwedezeka, moti akayenda ulendo ankawasiya masiku angapo kuti akhazikike asanawakhulupirire.

Zaka zake zomaliza

Weston anali m'gulu la anthu omwe anayambitsa bungwe la akatswiri a zamagetsi la American Institute of Electrical Engineers mu 1884, ndipo anali pulezidenti wake kuyambira 1888 mpaka 1889. Anathandizanso kukhazikitsa sukulu ya zaumisiri ya Newark Technical School, yomwe lero ndi New Jersey Institute of Technology, ndipo pasukulupo pali nyumba yotchedwa Weston Hall. Analandira mendulo zingapo, monga Elliott Cresson Medal mu 1910, Perkin Medal mu 1915, Franklin Medal mu 1924 ndi Lamme Medal mu 1932. Mapatenti ake ku United States anakwana 334. Ngakhale anakhala m'dzikolo kuyambira 1870, anatenga unzika wake mu 1923, patapita zaka zoposa 50. Mwana wake, Edward Faraday Weston, anapitiriza ntchito ya kampaniyo ndipo anadziwika ndi timamita toyezera kuwala tomwe ojambula zithunzi ankagwiritsa ntchito. Weston anamwalira ku Montclair, New Jersey, ali ndi zaka 86.

Mamita a manambala ndi kuwayesa kwake

Mita imodzi yoyeza zinthu zitatu, volt, ampere ndi ohm, inatchuka ndi AVOmeter, yomwe inayamba kugulitsidwa ku Britain mu 1923 kuchokera pa nzeru ya Donald Macadie, injiniya wa ku positi ofesi. Imeneyi inali ya muvi. Mita yoonetsa manambala m'malo mwa muvi inabwera m'zaka za m'ma 1950, pamene Andrew Kay ndi kampani yake ya Non-Linear Systems ku California anayamba kuigulitsa.

Anthu ambiri amaganiza kuti mita ya manambala singaname, poti palibe muvi woti munthu auwerenge molakwika. Koma mita yotere siidziwa volt payokha. M'kati mwake muli kagwero ka mphamvu komwe imakatenga ngati mwala wake, ndipo chomwe imachita ndi kufananiza magetsi omwe ikuyeza ndi kagweroko, n'kulemba yankho. Zipangizo zina zolondola kwambiri za m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 zinali ndi batire la Weston lenileni m'kati. Pambuyo pake m'malo mwake munalowa kachipangizo kotchedwa Zener diode, kolimba ndiponso kosaopa kugwedezeka. Komabe nako kamasuntha pang'onopang'ono ndi zaka, chimodzimodzi ma resistor a m'mitamo. Zikasuntha, mita imapitiriza kulemba manambala ooneka bwino popanda chizindikiro chilichonse choti yayamba kulakwa.

Timamita tofala, tomwe okonza mafoni, mawailesi ndi magetsi a sola amagwiritsa ntchito m'misika ngati ya Nsanama, Ntaja, Liwonde ndi Balaka, timaonetsa manambala mpaka 1999. Pa ntchito zambiri n'tokwanira. Koma taganizirani batire la sola la mavolt 12, la mtundu wa asidi. Likadzaza n'kupuma limawerenga pafupifupi 12.6, ndipo likatsala ndi theka la mphamvu limawerenga pafupifupi 12.2. Kusiyana kwake sikukwana theka la volt. Mita yomwe yapatuka ndi 0.3 yokha ikhoza kuchititsa mmisiri kuuza kasitomala kuti batire lake latha pomwe lili bwino, kapena kuti lili bwino pomwe likufooka, ndipo batire la sola si chinthu chotsika mtengo. Kawirikawiri chimene chimasokoneza timamita timeneti ndi kabatire kake ka m'kati kakafooka, chifukwa tina timayamba kuwerenga mokweza.

Kumtunda kwenikweni kuli mamita a mu labotale oonetsa manambala asanu ndi atatu ndi theka, monga HP 3458A yomwe kampani ya Hewlett-Packard inatulutsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Poyeza mavolt 10, mita imeneyi imatha kuona kusintha kwa gawo limodzi mwa magawo 100 miliyoni a volt. Kuiyesa mita yotere kumafuna chisamaliro chonga chomwe chinkaperekedwa ku mabatire a Weston. Imayatsidwa maola angapo isanayesedwe kuti m'kati mwake mukhazikike, chipinda chimasungidwa pa madigiri pafupifupi 23, ndipo mawaya olumikizira amakhala a kopa woyera kuti pamfundo pasabadwe timagetsi tosokoneza. Poyamba amagunditsa polowera magetsi kuti aone ngati ikuwerenga ziro, kenako amailumikiza ku gwero la mavolt 10 ndi ku resistor ya muyezo ya ma ohm 10,000, zomwe mlingo wake unatsimikizidwa kale ndi labotale yapamwamba kuposa iyo. Zotsatira zake zimalembedwa pa satifiketi yosonyeza kupatuka kwa mitayo ndi malire a chikayiko cha muyezowo, ndipo ntchitoyi imabwerezedwa, kawirikawiri chaka ndi chaka.

Motero miyezo imayenda ngati unyolo. Mita ya mmisiri imayesedwa ndi mita yabwinopo, imeneyo imayesedwa ndi miyezo ya labotale ya dziko, ndipo malabotale a mayiko amafananiza miyezo yawo kudzera ku ofesi ya miyezo ya mayiko onse yomwe ili ku Sèvres, pafupi ndi Paris. Ku Malawi nkhani za miyezo zili m'manja mwa Malawi Bureau of Standards, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo likulu lake lili ku Blantyre. Anthu ambiri amalidziwa chifukwa choyesa masikelo a m'misika ndi mapampu a mafuta a galimoto. Ku South Africa ntchito yosunga miyezo ya dziko imachitika ndi bungwe la NMISA ku Pretoria.

Pamwamba penipeni pa unyolowu, pomwe batire la Weston linakhala zaka pafupifupi 80, panalowa njira ina. Mu 1962 Brian Josephson, yemwe anali wophunzira pa yunivesite ya Cambridge, anaonetsa mwa masamu kuti zitsulo ziwiri zoziziritsidwa kwambiri, zolekanitsidwa ndi kakhungu kopyapyala, zikawombedwa ndi mafunde a microwave zimatulutsa volt yomwe kukula kwake kumadalira kuchuluka kwa mafundewo pa sekondi imodzi ndi manambala awiri osasintha a m'chilengedwe. Kuchuluka kwa mafunde pa sekondi kumayezeka molondola kwambiri ndi mawotchi a atomu, choncho volt yotere sikalamba ngati batire. United States inayamba kusunga volt yake m'njira imeneyi mu 1972, ndipo pa 1 Januwale 1990 mayiko onse anagwirizana pa mlingo umodzi.

Mabatire a Weston akupezekabe m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi m'makabati a malabotale ena a masukulu ndi makoleji, nthawi zambiri m'kabokosi kakuda kokhala ndi timisomali tiwiri tolumikizirapo mawaya. Mercury ndi cadmium zonse ndi poizoni, choncho batire lotere likapezeka siliyenera kuswedwa kapena kutayidwa kudzala.